Mukufuna kusiya jimu koma mwini wake akukakamira ndalama? Tsatani njira iyi

Masiku ano anthu olipira pamwezi ku jimu kuti azikanyamula zitsulo kapena kuchita masewera olimbitsa thupi a aerobics sapezeka ku Blantyre kokha. Kuno kwathu ku Thyolo ndi ku Mulanje alipo amene adokotala anawauza kuti achepetse thupi chifukwa cha BP kapena shuga, alipo anyamata ofuna chifuwa, aliponso okonzekera mpikisano wothamanga pa phiri la Mulanje wa Porters Race umene umachitikira ku Likhubula. Polowa, zonse zimayenda bwino: akulandirani ndi manja awiri, akuonetsani makina, akuuzani kuti mukalipiriratu miyezi isanu ndi umodzi akuchotserani. Mkangano umabwera pochoka.

Ndipo anthu a kuno amachoka pa zifukwa zomveka. Mphunzitsi amasamutsidwa kuchoka pa boma kupita ku Thekerani. Namwino amapatsidwa ntchito ya usiku. Kalaliki wa pa esiteti ya tiyi amene analembedwa nyengo ya mvula, masamba ali ambiri, ntchito imatha chilimwe chikayamba. Wina wapeza ya basi wapita ku Joni. Wina msana wagwira. Onsewa akapita kukanena kuti akusiya amamva mawu amodzimodzi: "Ndalama ikalowa sibwezedwa," kapena "Munasaina chaka, mumalize kulipira."

Chimene ndikufuna mugwire pa zonse ndilembe pano ndi ichi: mkangano wotere amapambana ndi munthu amene ali ndi zolemba, ndipo zolembazo muyenera kuzipanga nokha musanakwiye.

Poyamba, musangosowa

Ambiri akatopa ndi jimu amangosiya kupita, poganiza kuti mwini wake aona yekha kuti munthu uja sabweranso. Ngati mumalipira mwezi ndi mwezi popanda kulonjeza nthawi, zimenezo zilibe vuto kwenikweni. Koma ngati munasaina kuti mukhala membala miyezi yakutiyakuti, kapena pafomu panalembedwa kuti wofuna kusiya anene kudakali mwezi, kusowa kwanu sikuthetsa mgwirizano. M'kaundula mwawo dzina lanu likadalipo, ngongole ikukwera, ndipo mudzaimva pakadutsa miyezi itatu mutakumana ndi mwini jimu pamsika wa Chitakale. Tsiku limene mwaganiza zosiya, nenani.

Fufuzani chimene munagwirizana

Tulutsani fomu imene munasaina. Ngati sanakupatseni yanu, pitani mukapemphe kuti muione, ndipo muijambule ndi foni kutsogolo ndi kumbuyo komwe, chifukwa mfundo zopweteka zimakonda kukhala kumbuyo m'zilembo zing'onozing'ono. Chitani zimenezi musananene kuti mukufuna ndalama zanu. Munthu amene wadziwa kuti mukubwera ndi mlandu sakuonetsani pepala mosavuta.

Pafomupo yang'anani nthawi ya mgwirizano, notisi imene amafuna, ndi zimene analemba zokhudza kubweza ndalama. Onaninso ngati pali mawu onena kuti nthawi ikatha mgwirizano umapitirira wokha pokhapokha mutanena. Mfundo imeneyi imagwira anthu ambiri osazindikira. Onani ngati amalola kuimitsa umembala kwa kanthawi mukadwala kapena mukachokapo, ngati amalola kupatsa munthu wina miyezi yanu yotsala, komanso ngati ndalama yolowera ndi yosiyana ndi ya pamwezi. Ndalama yolowera nthawi zambiri sibwerera, ndipo kulimbana nayo n'kutaya mphamvu.

Majimu ambiri ang'onoang'ono alibe fomu n'komwe. Pali kope la sukulu pa kauntala, mnyamata amalembamo dzina, deti ndi ndalama, basi. Musaganize kuti pamenepo palibe mgwirizano. Pangano la pakamwa ndi pangano ndithu pamaso pa lamulo, kungoti kulitsimikizira n'kovuta. Choncho sonkhanitsani chilichonse: lisiti, uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba wosonyeza tsiku, ndalama ndi nambala imene inalandira, mauthenga a pa WhatsApp amene anakuuzani mitengo, chithunzi cha bolodi la mitengo pakhoma, ngakhale tsamba la m'kope lija pamene pali dzina lanu. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limavomereza mauthenga a pafoni ndi pakompyuta ngati umboni, ndiye musafufute. Ajambuleni, mutumizenso ku foni ya m'bale wanu, chifukwa foni imatayika ndipo mnzanu wa mkangano akhoza kufufuta zake.

Dzifunseni moona mtima: walephera ndani?

Apa ndi pamene nkhani yonse yagona, ndipo ndi pamene anthu amadzinamiza. Pali kusiya chifukwa jimu yalephera kupereka zimene munalipira, ndiye palinso kusiya chifukwa zanu zasintha. Mphamvu zanu pa ziwirizi sizofanana.

Ngati jimu yatsekedwa, yasamukira kutali, kapena makina amene anakukopani nawo anafa kalekale osakonzedwa, amene waphwanya pangano ndi iwo. Chimodzimodzi ngati munalipirira mphunzitsi wa aerobics wa m'mawa ndipo anachoka osabwera wina, kapena anakuuzani kuti ali ndi jenereta koma magetsi a ESCOM akazima mumabwerera pakhomo. Chimodzimodzinso ngati akweza mtengo pakati pa nthawi imene munalipiriratu. Inde, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo chilichonse chinakwera, renti ndi magetsi omwe, koma munthu amene analipira kale miyezi isanu ndi umodzi sangauzidwe pamwezi wachitatu kuti awonjezere, pokhapokha ngati fomu inanena poyera. Pa zotere muli ndi ufulu wofuna ndalama za miyezi imene simunalandire chimene munagula, ndipo chikwangwani cha pakhoma choti ndalama sizibwezedwa sichingakhale pobisalira pa munthu amene sanapereke ntchito. Lembani madeti amene munapeza patsekedwa. Jambulani makina akufawo, chingwe chodukacho chikulendewera.

Koma ngati jimu ikuyenda bwinobwino ndipo inu ndi amene mwasamutsidwa, mwadwala kapena ndalama zavuta, mukupita kukapempha, ndipo mawu anu akhale a munthu wopempha. Tengani umboni: kalata ya transifa, kalata yothetsa ntchito, kapena buku la kuchipatala pamene adokotala alemba kuti musanyamule zolemera. Kaya ndi ku chipatala cha boma, ku Malamulo kapena ku Mulanje Mission, apempheni alembe momveka ndi kudinda chidindo. Mawu akuti "msana ukundiwawa" mwini jimu amawamva tsiku lililonse. Chidindo sachiona kawirikawiri.

Ndipo ngati mwangotopa, nenani kuti mwatopa. Musapeke matenda. Tauni zathu n'zazing'ono, adzakuonani Loweruka mukusewera mpira wa sosho, ndiye chifundo chonse chithera pomwepo.

Werengerani ndalama musanapite

Anthu amakangana kwa ola lathunthu aliyense ali ndi nambala yake m'mutu imene sanaitchule. Tiyerekeze kuti mtengo wa pamwezi ndi K25,000, koma inu munalipiriratu miyezi isanu ndi umodzi pa K120,000, kutanthauza K20,000 pamwezi. Mwapita miyezi iwiri, kenako kalata ya transifa yafika.

Inu mukuwerenga kuti yatsala miyezi inayi, ndiye akubwezereni K80,000. Mwini jimu akuwerenga zina. Akuti anakuchotserani chifukwa munalonjeza miyezi isanu ndi umodzi, ndiye poti simunamalize, miyezi iwiri ija muilipire pamtengo wa aliyense, K50,000. Zotsala ndi K70,000. Ngati fomu ikufuna notisi ya mwezi, achotsanso K25,000, mutsale ndi K45,000.

Kuona kwanga, ngati wochoka ndinu mwa zifukwa zanu, mwini jimu akulondola pa nkhani ya kuchotsera ija. Simungasunge mtengo wotsika wa pangano limene simunalimalize. Pamene ndimatsutsana nawo eni majimu ndi pamene akufuna kusunga K120,000 yonse, kapena kukulipiritsani chaka chathunthu muli ku Karonga. Malo anu pabenchi sakhala opanda munthu, ndipo ndalama imene akusunga iyenera kufanana ndi zimene ataya. Koma ngati olephera ndi iwo, imani pa K80,000, osachotsa notisi.

Lembani manambala awiri papepala: imene mukufuna, ndi yotsika kwambiri imene mungalandire osadandaula. Yachiwiriyo musaitchule msanga.

Lembani kalata

Ngakhale mwini jimu ndi mnzanu wa kutchalitchi, lembani. Isakhale yaitali ndipo musaikemo ukali. Ikhoza kukhala chonchi:

"Bambo, ndikulemba kukudziwitsani kuti ndikusiya umembala wanga pa jimu yanu kuyambira pa 30 Juni. Ndinalipira K120,000 pa 1 Meyi ya miyezi isanu ndi umodzi, ndipo umboni wa malipiro ndaphatikiza. Ndikusiya chifukwa kuntchito andisamutsa, monga kalata iyi ikusonyezera. Ndikupempha kuti mundibwezere ndalama za miyezi yotsala pasanathe masiku 14, ndiponso kuti musandiwerengerenso ndalama ina kuyambira tsiku limeneli. Chonde ndiyankheni polemba."

Pangani makope awiri. Imodzi musiye, inayo amene walandira asainepo, alembe dzina lake ndi deti, mubwerere nayo. Akakana kusaina, musalimbane naye. Ijambuleni kalatayo ili pa kauntala, muitumize pa WhatsApp ku nambala ya mwini jimu tsiku lomwelo, ndi mawu akuti mwaisiya kwa wakutiwakuti nthawi yakuti. Ngati fomu inanena njira yake yoperekera notisi, tsatirani imeneyo ndendende, kuti asadzapeze ponamizira.

Kumanani ndi mwini wake, osati mnyamata wa pa kauntala

Mnyamata wa pa kauntala alibe mphamvu yobweza ngakhale K1,000, ndipo kumukalipira n'kulakwira mwana wa eni amene naye akudikira malipiro ake. Funsani nthawi imene bwana amapezeka. Musapite madzulo jimu itadzaza, nyimbo zili pamwamba, anyamata akumvetsera. Munthu sagonja pamaso pa makasitomala ake. Pitani masana kuli zii, ndipo tengani munthu mmodzi wodekha woti adzachitire umboni, osati wokathandiza kulalata.

Yambani ndi moni wonse monga mwa chikhalidwe chathu, kenako nenani mwachidule: "Achimwene, ine ndilibe nanu chifukwa. Pano ndimasangalala napo, koma ntchito yandichotsa. Tiyeni tione mmene tingathandizirane." Akayankha kuti "Achemwali, lamulo la pano ndalama sitibweza," musapse mtima. Afunseni akuonetseni pamene munasaina zimenezo. Kawirikawiri lamulolo limakhala m'mutu mwawo mokha.

Muzikumbukira kuti jimu yaing'ono ndalama yanu inadyedwa kale. Inalipira renti, inagula mayunitsi a magetsi, inawotcherera benchi. Mwini wake akamati alibe, nthawi zina akunena zoona. N'chifukwa chake ndi bwino kupita ndi njira zingapo. Akhoza kukubwezerani pang'onopang'ono, mwezi ndi mwezi. Akhoza kuimitsa miyezi yanu mpaka mutachira kapena mutabereka. Koma njira imene ndaona kuti eni majimu amaivomera msanga ndi yopatsa munthu wina miyezi yotsalayo: mupeze mnzanu wa kuntchito amene amafuna kulowa, akupatseni ndalama inuyo, dzina lisinthidwe m'kope. Mwini jimu satulutsa kalikonse m'thumba, ndipo wapeza kasitomala watsopano.

Chimene mwagwirizana chilembedwe pomwepo, ndi ndalama zake ndi madeti ake, nonse musaine pamodzi ndi mboni. Mawu akuti "ndikuonani kumapeto kwa mwezi" alibe mwezi wake.

Samalani ndi kuimitsa malipiro

Ngati ndalama imachoka yokha ku akaunti yanu kudzera pa standing order, amene angaimitse ndinu, polembera banki yanu, ndipo sungani kope la kalatayo. Ngati jimu inagwirizana ndi kuntchito kwanu kuti azidula pamalipiro, lemberani a ofesi ya malipiro nthawi yabwino, mwezi usanatsekedwe. Koma dziwani kuti kuimitsa ndalama sikuthetsa mgwirizano. Yambani ndi kalata ya notisi, lipirani mwezi wa notisi ngati ulipo, kenako imitsani. Mukayamba ndi kuimitsa, mwadzisandutsa nokha wangongole, ndipo mnzanu wapeza chonena.

Za malamulo a kunja

Abale athu amene anakhalako ku South Africa amabwera ndi mfundo yakuti jimu iliyonse umatha kuisiya ndi notisi ya masiku 20. N'zoona, koma kumeneko. Lamulo lawo la Consumer Protection Act la 2008 limalola wogula kuthetsa mgwirizano wa nthawi yoikika popereka notisi ya masiku 20 ogwira ntchito, ngakhale kampani imaloledwa kudula chindapusa choyenera. Ngati jimu imene ikukuvutitsani ili ku Johannesburg kapena ku Durban ndipo mwabwerera kumudzi ikudulabe ku akaunti yanu ya kumeneko, gwiritsani ntchito lamulo limenelo, polemba imelo. Koma pa Luchenza silikugwira. Chimodzimodzi masiku 14 osinthira maganizo amene mumawerenga pa intaneti: amenewo ndi a ku UK, pa zinthu zogulidwa pa intaneti kapena pafoni. Mukatchula lamulo la eni pa kauntala ya kuno, mwangoonetsa kuti simukudziwa poima.

Akakanitsitsa

Masiku amene munapereka akatha popanda yankho, lembani kalata yachiwiri, yaifupi kuposa yoyamba, yonena kuti mukapanda kumva kanthu pofika deti lakuti mukadandaula ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene ambiri amangoti CFTC. Bungweli ndi la boma, likulu lake lili ku Lilongwe, ndipo ntchito yake ina ndi kuteteza ogula ku malonda achinyengo ndi opondereza. Lamulo lake loyamba linali la 1998, koma mu 2024 kunabwera latsopano limene linalipatsa mphamvu zolipiritsa chindapusa lokha ndi kulamula kuti wogula abwezeredwe zake. Palinso lamulo lathu la kuno loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2003. Polemba dandaulo, fotokozani nkhani motsatira madeti, phatikizani makope a zonse munasonkhanitsa zija, ndipo nenani chimene mukufuna ndi nambala yake. Zikalata zenizeni musatumize, zikhale ndi inu. Bungwe la Consumers Association of Malawi, CAMA, nalonso limalandira madandaulo a ogula, ngakhale ilo si la boma ndipo silingalamule munthu kulipira.

Njira ina ndi khoti la majisitireti, limene lilipo pa boma ku Mulanje ndi ku Thyolo komwe. Nkhani ya ndalama zochepa ngati izi mutha kuiyendetsa nokha popanda loya. Mukafika funsani kalaliki wa milandu ya ndalama, akuuzani za samani ndi ndalama yolembetsera. Musanapite, dziwani dzina lenileni la munthu kapena kampani imene mukuisumira; dzina lolembedwa ndi penti pakhoma si nthawi zonse limakhala lolembetsedwa. Ndipo werengerani bwino. Ngati mukulimbirana K20,000 ndipo mukukhala ku Muloza, ya minibasi maulendo angapo ndi masiku ojomba kuntchito zikhoza kupitirira ndalamayo. Pa ndalama yaikulu, kapena ngati muli angapo amene jimu inatseka ndi ndalama zanu, khoti ndi loyenera, ndipo kupita limodzi kumachepetsa mtolo. Amene sangakwanitse loya akhoza kufunsa uphungu ku Legal Aid Bureau.

Zinthu ziwiri ndikupemphani musachite. Musathamangire pa Facebook kapena pagulu la WhatsApp la m'dera kukalemba kuti wakutiwakuti ndi mbava. Lamulo lija la 2016 limene likuteteza mauthenga anu ngati umboni lili ndi zilango kwa ozunza anzawo pa intaneti, ndiponso munthu akhoza kukusumirani chifukwa chomuipitsira mbiri. Mlandu wa K70,000 umene munali nawo bwino usanduka wina umene woyankha ndinu. Chachiwiri, musatenge chitsulo kapena sipika ya jimu kuti mugwirizire ngati chikole. Kumeneko ndi kuba, ngakhale akusungireni ndalama.

Mbali inayo nayo ili ndi malire. Mwini jimu alibe mphamvu yokulandani foni, chitupa cha unzika kapena chikwama chimene munasiya mu loka chifukwa cha ngongole. Akakuopsezani kuti akutengerani kupolisi, musanjenjemere: kusagwirizana pa mgwirizano ndi nkhani ya khoti la milandu ya ndalama, si mlandu woti munthu atsekeredwe. Mukaitanidwa pitani mwaulemu, mutanyamula fayilo yanu, mufotokoze kuti munapereka notisi tsiku lakuti ndipo kope lake ndi ili. Koma samani ya khoti ikafika, imeneyo musainyalanyaze ngakhale mukudziwa kuti mukulondola, chifukwa mukapanda kuyankha kapena kuonekera, khoti likhoza kugamula inu kulibe.

Ndalama zikabwezedwa, kaya zonse kaya zimene munagwirizana, pemphani kapepala komaliza kosainidwa konena kuti umembala watha pa deti lakuti ndipo palibe ngongole mbali zonse ziwiri. Onetsetsani ndi maso anu kuti dzina lanu ladulidwa m'kope, ndipo mwezi wotsatira muone sitetimenti ya ku banki kapena pepala la malipiro ngati sanadulenso.